KAREN CARPENTER: NG'OMA YOLIRA SICHEDWA KUNG'AMBIKA

M'mawa wa pa 4 Febuluwale 1983, mu mzinda wa Downey ku California m'dziko la America, mudamwalira mayi wa zaka 32 amene mawu ake adali atamveka pa wailesi za maiko ambiri kwa zaka 13. Dzina lake lidali Karen Carpenter, ndipo iye pamodzi ndi mlongo wake Richard adali gulu la oimba awiri lotchedwa Carpenters. Oimba ena otchuka a nthawi imeneyo adafa pa ngozi za ndege, ena adaphedwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Karen adafa chifukwa mtima wake udafooka ndi njala ya zaka zambiri, pamene iye adali mwini chuma ndiponso mwana wa m'nyumba yosasowa chakudya. Kuti zimenezi zimveke bwino nkofunika kuyambira pa chiyambi, pamene Karen adali kamtsikana kosaganizirako n'komwe za kuimba.

UBWANA WAKE

Karen Anne Carpenter adabadwa pa 2 Malichi 1950 mu mzinda wa New Haven, m'chigawo cha Connecticut, chakum'mawa kwa America. Bambo ake, a Harold Carpenter, adabadwira ku China kumene makolo awo adali amishoni, ndipo atakula adagwira ntchito pa kampani yosindikiza. Mayi ake adali a Agnes. M'banjamo mudabadwa ana awiri okha: Richard, wobadwa pa 15 Okutobala 1946, ndi Karen.

A Harold adali munthu wokonda nyimbo. Adasonkhanitsa mbale za galamafoni zamitundumitundu, ndipo ana awo ankatha maola ambiri akuzimvetsera m'chipinda cha pansi pa nyumba. Richard adayamba kuliza piyano akadali wamng'ono, ndipo posakhalitsa zidaoneka kuti ali ndi mphatso yapadera. Karen ankavina, ankasewera mpira wa baseball mumsewu ndi anzake, ndipo palibe amene ankamuwerengera pa za nyimbo. Maso a banja lonse, makamaka a mayi, adali pa mwana wamwamunayo. Olemba mbiri ya Karen amanena kuti kukondera kumeneku kudamutsata moyo wake wonse.

Mu Juni 1963 banjalo lidasamukira ku Downey, pafupi ndi mzinda waukulu wa Los Angeles. A Harold adapezako ntchito, komanso makolowo adaona kuti luso la Richard likakula bwino kufupi ndi makampani ojambula nyimbo.

MTSIKANA WA PA NG'OMA

M'chaka cha 1964 Karen adalowa sukulu ya sekondale ya Downey. Pofuna kuzemba maphunziro olimbitsa thupi, adalembetsa m'bandi ya sukulu yoimba poguba. Mphunzitsi wa bandiyo adampatsa chipangizo cha tizitsulo tosanjidwa, chofanako ndi mangolongondo, koma iye sadachikonde. Mtima wake udali pa ng'oma zimene mnzake wina, Frankie Chavez, ankaimba. Masiku amenewo ng'oma zinkatengedwa ngati za anyamata. Karen adaumirira kufikira adaloledwa, ndipo makolo ake adamgulira ng'oma za mtundu wa Ludwig.

Ng'oma za m'bandi sizifanana ndi za kubwalo la gule, kumene mwamuna aliyense amagwira yake. Munthu mmodzi amakhala pampando atazunguliridwa ndi ng'oma zingapo pamodzi ndi mbale zachitsulo. Manja awiri amagwira timitengo, mapazi awiri amaponda zopondera, ndipo chiwalo chilichonse chimayenda mwa njira yakeyake. Karen adaphunzira zonsezi mofulumira modabwitsa. Ankatsanzira Joe Morello, katswiri wa ng'oma m'gulu la jazi la Dave Brubeck, amene kaimbidwe kake kamavuta ngakhale akatswiri.

Mu 1965 Richard adayambitsa kagulu ka anthu atatu koimba jazi: iye pa piyano, Karen pa ng'oma, ndi mnzawo Wes Jacobs pa besi. Chaka chotsatira kaguluka kadapambana mpikisano wa mabandi a achinyamata pa bwalo lotchuka la Hollywood Bowl. Kampani ya RCA idawalemba, koma nyimbo zimene adajambula sidazitulutse. M'chaka chomwecho cha 1966, woimba besi wina dzina lake Joe Osborn, amene adali ndi malo ojambulira nyimbo m'galaja ya nyumba yake, adamva Karen akuimba pakamwa ndipo adazizwa. Adamjambulira mbale yaing'ono imene adasindikiza makope pafupifupi 500 okha. Pambuyo pake ana awiriwo, ali pa koleji ku Long Beach, adayambitsa gulu lina lotchedwa Spectrum pamodzi ndi John Bettis, amene pambuyo pake adakhala mlembi wa mawu a nyimbo zambiri za Richard. Nalonso gululi lidatha osaphula kanthu, pakuti eni malo a zisangalalo ankafuna nyimbo zaphokoso zovinitsa anthu.

KUTCHUKA

Richard ndi Karen adatsala awiri. M'galaja ya Osborn adayamba kujambula mawu awo pa tepi mobwerezabwereza, kusanjikiza ena pamwamba pa anzake, kotero kuti anthu awiri ankamveka ngati kwaya yathunthu. Tepi ina yotere idafika m'manja mwa Herb Alpert, woliza lipenga wotchuka amenenso adali mmodzi wa eni kampani ya A&M. Iye adakopeka ndi mawu a mtsikanayo, ndipo pa 22 Epulo 1969 awiriwo adasaina pangano ndi kampaniyo. Karen adali ndi zaka 19.

Chimbale chawo choyamba sichidagulidwe kwenikweni, ndipo ena m'kampanimo adafuna kuti awiriwo achotsedwe. Alpert adakana. Adawapatsa nyimbo ina yopekedwa ndi Burt Bacharach ndi Hal David, yotchedwa Close to You, imene oimba ena adali ataiyesapo kale koma osapita nayo patali. Richard adaikonza mwa njira yake. Mu Julayi 1970 nyimboyo idafika pa nambala 1 pa mndandanda wa nyimbo zokondedwa umene magazini ya Billboard imasindikiza sabata ndi sabata, ndipo idakhala pamenepo masabata anayi. Yotsatira yake, We've Only Just Begun, Richard adayamba kuimva pa wailesi ya kanema ikutsatsa malonda a banki ina. Atazindikira mawu a woipeka, Paul Williams, adampempha nyimbo yonse. Idafika pa nambala 2 ndipo idasanduka nyimbo ya pa maukwati.

Kuyambira pamenepo zinthu zidayenda ngati madzi a m'chigwa. Mu 1971 adalandira mphotho ziwiri za Grammy, ndipo chaka chotsatira adalandira yachitatu. Top of the World idafika pa nambala 1 mu 1973, Please Mr. Postman idachitanso chimodzimodzi kuchiyambi kwa 1975. Ku Britain ndi ku Japan adakondedwa koposa. Pa 1 Meyi 1973 adaimba ku White House pamaso pa Pulezidenti Richard Nixon ndi mlendo wake Willy Brandt, mtsogoleri wa West Germany.

Komabe sikuti onse adawaombera m'manja. Zidali zaka za nkhondo ya ku Vietnam, pamene achinyamata ambiri ankasunga tsitsi lalitali ndi kuimba nyimbo zotsutsa akuluakulu. Olemba za nyimbo m'manyuzipepala ankaseka a Carpenter kuti ndi ana aulemu ovala mwaudongo, oimba zokondweretsa makolo. Nawonso okonda nyimbo zawo sadafune kuti awiriwo asinthe. Mu 1972, m'nyimbo ya Goodbye to Love, Richard adalowetsa pakati gitala yamagetsi yolira mwaukali, yolizidwa ndi Tony Peluso, ndipo ena adalemba makalata odandaula kuti awiriwo alowerera. Lero nyimboyo imawerengedwa pakati pa zoyamba kuphatikiza kufatsa kwa nyimbo yachikondi ndi mphamvu ya rock.

Chimene otsutsawo adalephera kuchinyoza ndi mawu a Karen. Adali mawu otsika, a alto yakuya, osafuna kukuwa. Ankaimbira pafupi kwambiri ndi maikolofoni, liwu lililonse lomveka bwino, kotero kuti womvera ankakhala ngati akuuzidwa chinsinsi. Richard adazindikira kuti chuma chili m'mawu apansiwo, ndipo ankasankha ndi kukonza nyimbo moti zigwere m'menemo. Ngakhale m'nyimbo yachisangalalo munkamveka kachisoni kena, kodabwitsa kwa mtsikana wa zaka 20.

KUCHOKA KUSERI KWA NG'OMA

Karen ankadziwerengera kuti ndi woimba ng'oma amene amathanso kuimba pakamwa. Pa makonsati oyamba ankachita zonse ziwiri pamodzi atakhala pampando wake. Koma adali wamfupi, wa masentimita 163, ndipo ng'omazo zinkamubisa. Anthu olipira pakhomo ankafuna kuona mwini mawu. Motero, kuyambira cha mu 1971, Richard ndi oyang'anira gululo adamkakamiza kuti aimirire kutsogolo, ndipo pang'onopang'ono ng'oma zidapatsidwa kwa mwamuna wolembedwa ntchito. Pojambula nyimbo zambiri zotchuka, ng'oma ankaimba ndi katswiri wina, Hal Blaine, ngakhale kuti pa chimbale cha Now and Then cha 1973 Karen adaimba yekha ng'oma m'nyimbo zonse kupatula imodzi.

Adavomera monyinyirika. Kuseri kwa ng'oma adali mwini ntchito. Kutsogolo adasanduka woonereredwa, thupi lake lonse lili poyera pamaso pa zikwi za anthu ndi makamera. Ndiponso mbali zina za moyo wake zidali m'manja mwa ena. Nyimbo ankasankha ndi Richard. Maulendo ankakonza ndi oyang'anira, ndipo zaka zina makonsati ankapitirira 150. Kunyumba mawu omaliza adali a mayi, ndipo Karen adapitiriza kukhala ndi makolo ake ngakhale adali atalemera. Nyumba yakeyake yokhalamo yekha adaipeza mu 1976.

NTHENDA YOBISIKA

Ali ndi zaka 17, Karen ankalemera makilogalamu pafupifupi 66. Motsogozedwa ndi dokotala adachepetsa zakudya mpaka kufika pa makilogalamu 54, ndipo adakhala pamenepo zaka zingapo ali bwinobwino. Cha mu 1973 adaona chithunzi chake chojambulidwa pa konsati ndipo adadziona wonenepa. Adayambanso kudzimana. Poyamba abwenzi adamuyamikira kuti akuoneka bwino. Koma iye sadalekere pomwepo, ndipo pofika Seputembala 1975 adali atatsika kufika pa makilogalamu 41. Anthu a m'makonsati ankadzidzimuka akamuona akutulukira. Chaka chomwecho adagonekedwa m'chipatala atafookeratu, ndipo maulendo a ku Britain ndi ku Japan adalephereka. Anthu adauzidwa kuti ndi kutopa.

Kwa munthu amene adakula akumva kuti kunenepa ndi chizindikiro cha mtendere, ndipo njala amaidziwa ngati mdani wobwera ndi chilala, nkhani yotere imamveka yachilendo. Nthendayi imatchedwa anorexia nervosa, dzina limene dokotala wa ku Britain, William Gull, adaipatsa mu 1873. Ndi nthenda ya maganizo imene imaononga thupi. Wodwala amagwidwa ndi mantha aakulu a kunenepa, ndipo akadziyang'ana pa kalilole amaona mafuta pamene ena akuona mafupa. Imagwira kwambiri atsikana ndi amayi achitsikana, ngakhale anyamata nawonso amadwala. Kawirikawiri imakonda anthu akhama, omvera, ofuna kuchita zonse mosalakwitsa, ndipo madokotala ena amati wodwala amapeza m'kudzimana chinthu chimodzi chimene angathe kuchilamulira yekha. Thupi likasowa chakudya limayamba kudya minofu yake, ndipo mtima nawo ndi mnofu. Michere ya m'magazi imasokonekera, kugunda kwa mtima kumasokonekeranso. Mwa nthenda zonse za maganizo, iyi ili m'gulu la zopha kwambiri.

Mu 1975 anthu wamba, ngakhale madokotala ambiri, sankaidziwa bwino. A m'banja la Karen ankaganiza kuti ndi liuma chabe, ndipo mankhwala awo adali kumukalipira ndi kumuikira chakudya pambale. Iye adaphunzira kubisa. Ankagawira anzake chakudya chake patebulo ngati wowolowa manja, ankavala zovala zingapo pamodzi kuti asaoneke kuonda, ndipo ankamwa mapiritsi otsegula m'mimba ambirimbiri. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa zikuto za zimbale ndi pa wailesi ya kanema, ana awiri a kwa Carpenter ankamwetulirabe.

ZAKA ZA MAVUTO

Nayenso Richard adali ndi lake vuto. Adazolowera mapiritsi ogonetsa otchedwa Quaalude mpaka adalephera kugwira ntchito, ndipo mu Januwale 1979 adalowa m'chipatala ku Topeka, m'chigawo cha Kansas. Adachira, natenga chaka chopuma. Karen adagwiritsa ntchito mpatawo kuyesa kuima payekha. Adapita ku New York kukajambula chimbale chakechake ndi katswiri wojambula nyimbo, Phil Ramone, mothandizidwa ndi anyamata a m'bandi ya Billy Joel. Adalowetsapo madola 400,000 a m'thumba mwake. Nyimbozo zidali za mayi wamkulu, zina zovinika, zosiyana ndi za Carpenters, ndipo iye adazinyadira. Koma pamene adaziimbira akuluakulu a A&M pamodzi ndi Richard, sadazilandire. Mu 1980 chimbalecho chidatsekeredwa m'kabati. Amene adali naye pafupi amanena kuti zimenezi zidamuswa mtima.

Pa 31 Ogasiti 1980 adakwatiwa ndi mwamuna wina wochita malonda a nyumba ndi malo, atadziwana naye kwa miyezi yochepa. Ukwati udachitikira ku Beverly Hills mwaulemerero. Karen ankafunitsitsa kukhala ndi ana, koma zimenezo sizidatheke, ndipo patangotha chaka ndi miyezi yowerengeka banjalo lidapasuka. Mu 1981 iye ndi Richard adatulutsa chimbale cha Made in America, chomaliza chimene adachiona ndi maso ake.

Kuchiyambi kwa 1982 Karen adavomera kuti akudwala ndipo adapita ku New York kukaonana ndi Steven Levenkron, mlangizi wa odwala nthendayi. Kumeneko zidadziwika kuti, kuwonjezera pa mapiritsi otsegula m'mimba, ankamwanso mankhwala a chithokomiro kuti thupi lizitentha chakudya msanga, pamene chithokomiro chake chidali chabwinobwino. Mu Seputembala adagonekedwa m'chipatala cha Lenox Hill, kumene adamdyetsa kudzera m'mitsempha. Thupi lidabwerera mofulumira. Mu Novembala adabwerera ku California akukhulupirira kuti wachira. Pa 17 Disembala 1982 adaimbira ana a sukulu ina ku Sherman Oaks nyimbo za Khirisimasi. Aka kadali komaliza kuimba pagulu.

IMFA YAKE

Tsiku la 4 Febuluwale 1983 ndilo lidakonzedwa kuti Karen akasaine makalata othetsa ukwati wake. Adali atagona kwa makolo ake ku Downey. M'mawa mwake adakomoka m'chipinda, ndipo mayi ake adampeza ali pansi. Adathamangira naye kuchipatala cha mumzindamo, koma isanakwane 10 koloko madokotala adalengeza kuti wamwalira. Kudatsala mwezi wosakwana kuti akwanitse zaka 33. Opima mtembo adalemba kuti mtima udalephera chifukwa cha anorexia nervosa, ndipo adatchulanso poizoni wotchedwa emetine, wopezeka m'mankhwala osanzitsa a ipecac amene nthawi imeneyo ankagulidwa popanda kalata ya dokotala. Mwambo wa maliro udachitika pa 8 Febuluwale m'tchalitchi cha Methodist ku Downey.

ZIMENE ADASIYA

Imfa ya Karen idachita chimene mabuku a madokotala adalephera kuchita kwa zaka zoposa 100. Dzina la nthendayi lidalowa m'manyuzipepala ndi m'nyumba za anthu. Makolo ndi aphunzitsi adayamba kuyang'ana ndi diso lina mtsikana wokankha mbale ya chakudya, ndipo ambiri amene ankavutika mobisa adapita kukafuna thandizo. A m'banja lake adakhazikitsa thumba la ndalama m'dzina lake lothandizira kafukufuku wa nthendayi. Chimene madokotala amatsindika tsopano ndi chimene banja la Carpenter silidachidziwe m'nthawi yake: wodwala wotere sachira ndi kukalipiridwa kapena kukakamizidwa kudya kokha, ndipo akazindikiridwa msanga mwayi wochira umakula.

Pa 12 Okutobala 1983 dzina la Carpenters lidaikidwa pa nyenyezi ya mumsewu wa anthu otchuka ku Hollywood. Richard adafikako ndi makolo ake. Iye adapitiriza kusamala ndi kutulutsa nyimbo zimene adajambula ndi mlongo wake. Nawo olemba za nyimbo, amene kale ankaseka, adasintha maganizo, ndipo oimba a rock a mbadwo wotsatira adavomera poyera kuti adaphunzira kwa awiriwa. Mu 1994 ena a iwo adajambula chimbale chathunthu cha nyimbo za Carpenters powalemekeza. Chimbale chija cha ku New York chidatuluka mu 1996, patapita zaka 13 mwini wake ali m'manda, ndipo chidatchedwa ndi dzina lake lokha.

Ng'oma yolira sichedwa kung'ambika, adatero akale, ndipo mwambiwu umaloza kwa oimba ng'omayo koposa kwa ng'oma yeniyeniyo: ikamakoma, palibe amene amaima kuti aone ngati chikopa chayamba kutha. Anthu mamiliyoni adamva mawu a Karen Carpenter, koma owerengeka okha ndiwo adafunsa za mwini mawuwo, ndipo adafunsa mochedwa. Pali kanema wa pa wailesi wa 1976 amene adasungidwa mpaka lero. M'menemo Karen, ataonda kale, akuthamanga kuchoka pa ng'oma zina kupita pa zina, timitengo tili m'manja, akuimba mwaliwiro ndi mwaluso lodabwitsa, nkhope yake yodzaza ndi chimwemwe. Amene akufuna kudziwa ntchito imene mayiyu adadzisankhira yekha ayambire pamenepo.